Tsiku la Madzi Lili pa Malonda

Fanuelo anali mphunzitsi wopanda kalasi. Kosi ya uphunzitsi anamaliza bwinobwino, koma boma silinamuitane, ndipo satifiketi inangokalambira m'sutikesi pansi pa jekete lopitira ku maukwati. Ankakhala kwawo kwa Mwambo, cha kumunsi kwa sikimu ya mpunga ya Likangala, nyumba yake itayang'anizana ndi ya mchemwali wake Rozi. M'kati mwa sabata ankagwira ganyu pa chigayo chopunthira mpunga. Loweruka masana ankatulutsa tebulo kuseri kwa chigayocho, pansi pa mtengo wa mango, n'kuchititsa masewera ake.

Masewerawo sanali bawo, sanalinso makadi. Anthu anayi kapena asanu ankakhala mozungulira tebulo, aliyense n'kusanduka munthu wa m'nkhani: uyu msodzi, uyu mayi wogula matemba, uyu wotchera mbalame m'dambo. Fanuelo ndiye anali mwini nkhani. Ankafotokoza kumene anthuwo ali ndi chimene chawagwera, mwina bwato latayikira pakati pa nyanja, mwina akuba alowa pa doko, kenaka n'kufunsa kuti, "Mutani?" Munthu akasankha chinthu choopsa ankaponya dayisi, ndipo madontho a dayisiyo ndiwo ankanena ngati zatheka kapena zakanika. Masewerawo anawatcha Chimbowera, dzina la tinyumba tija asodzi a pa Chilwa amamanga pamwamba pa udzu wa njedza woyandama.

Poyamba anthu ankati ndi njuga. Mkulu wina wa mpingo anabwera kudzaletsa, Fanuelo n'kumupatsa mpando ndi dzina la msodzi. Pofika madzulo bamboyo anali atataya maukonde ake onse m'nkhanimo, ndipo anapita kwawo akung'ung'udza ngati wataya enieni. Sabata yotsatira anabweranso.

Amene anaona malonda m'zimenezi anali Faizal, mnzake wa ku koleji, amene tsopano ankakonza mafoni ndi makompyuta m'kashopu kake mu mzinda wa Zomba. Faizal ndi amene anamuonetsa Fanuelo masewera a mtundu umenewu kalekale, a anthu akunja, odzaza ndi mafumu ndi malupanga. Ataona kuti mnzakeyo wapanga akeake, a matope ndi milamba, sanagonenso tulo.

Anayamba ndi timabuku. Anasindikiza malamulo a masewerawo pa mapepala, n'kukayala pa msika wa Songani pafupi ndi ogulitsa mabuku a sukulu. Anthu ankatsegula, n'kufunsa ngati zimenezi zimabwera pa mayeso, n'kubweza. Timabukuto tinathera ku makoswe. Kenaka Faizal anamasulira bukulo m'Chingerezi n'kuliika pa intaneti kuti wofuna agule kamodzi, alitsitsire m'foni mwake. Anagula anthu ochepa a maiko akutali. Pasanapite nthawi wina analiika poyera kuti aliyense atenge ulere, malonda n'kuima.

"Amwene, talakwitsa chogulitsa," anatero Faizal tsiku lina pa foni. "Malamulo ali ngati mbale. Munthu amagula mbale kamodzi, mwinanso amabwereka kwa neba. Koma chakudya amafuna tsiku ndi tsiku. Malamulo tingopereka ulere. Amene akufuna nkhani zatsopano alembetse, azilipira kangachepe mwezi uliwonse, ife tizimutumizira ulendo watsopano woti akasewere ndi anzake. Akaba wa mwezi uno, wa mwezi wamawa uli m'mutu mwako. M'menemo sangabemo."

Zinayenda. Osati kwambiri, koma zinayenda. Fanuelo ankalemba m'Chichewa pa foni yake yosweka galasi, Faizal n'kumasulira, n'kujambula mapu, n'kutumiza kwa olembetsa. Anthu a m'maiko amene Fanuelo sanawaonepo ngakhale pa mapu anayamba kufunsa kuti makumba ndi nsomba yotani, nanga nyanja imauma bwanji n'kubwereranso. Ndalama zinkafika pa foni kumapeto kwa mwezi, ndipo zoyambirira zonse zinapita ku nyumba ya Rozi.

Nyumbayo inagwa chaka cha namondwe. Mvula inagwa osapuma mpaka Likangala anasiya njira yake n'kulowa m'midzi usana ukuwala. Mwamuna wa Rozi, Jafeti, anali msodzi, ndipo bwato lake linali pafupi. Anakweza mkazi wake ndi mwana wawo Virginia, nakweza ndi anthu ena a pafupi, n'kuwakankhira ndi nsungwi mpaka pa sukulu ya pa chitunda pamene anthu ankathawira. Atawatsitsa anatembenuza bwato n'kubwerera kumudzi yekha. Anamupeza madzi ataphwera, atakodwa m'njedza cha kunyanja. Pa maliro mlaliki anati Jafeti anabwerera kukafuna anthu otsala pa madenga, ndipo anafa imfa ya m'busa wabwino. Achibale ake analira, koma analira mitu ili m'mwamba.

Chaka chotsatira, nthawi yowokera mpunga, Fanuelo ankathandiza mchemwali wake m'munda wa mu sikimu umene unali m'dzina la Jafeti. Anali awiriwiri, atawerama, madzi ali m'miyendo. Rozi analankhula osadzutsa mutu.

"Achimwene, sanapite kukafuna anthu."

Fanuelo anaima ndi mbande m'manja.

"Ndinamutuma ndine. Makina anga osokera anatsala m'nyumba. Ndinati, tidzadya chiyani opanda makina aja? Iye anakana, ine n'kumukakamiza. Sindinauzepo munthu. Ndakuuzani inu chifukwa chikundidya m'mimba, ndipo mayi kulibe."

Anapitiriza kuwokera, mzere wake wowongoka ngati kale. Fanuelo anangosendera pafupi n'kumawokera pambali pake mpaka dzuwa linatentha msana.

Koma mwezi suchedwa kwa munthu amene walonjeza nkhani. Ulendo wa akuba maukonde anali atalemba. Wa ng'ona ya pa doko analemba, wa chaka chimene nyanja inauma anthu n'kuyenda pansi mpaka pa chilumba cha Chisi analembanso. Atasowa, anayamba kupeka za mizimu ya m'madzi, ndipo olembetsa anayamba kuchoka mmodzimmodzi.

"Akuti za mizimu ali nazo kwawo, zambirimbiri," anatero Faizal. "Kwa ife amafuna chimene sangachipeze kwina. Zinthu zonunkha matope, amwene. Mwezi uno tikaphonyanso, basi, titseke. Ndipo ukudziwa kuti mayi a kunyumba ndi oyembekezera."

Fanuelo ankadziwa. Ankadziwanso kuti Virginia wasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo zonse zikuyang'ana foni yake yoswekayo.

Tsiku lina magetsi anazima pa chigayo, anthu n'kungokhala pa matumba awo kudikira. Fanuelo anakhala pa khonde natsegula foni. Sanakonzekere kulemba zimenezo. Anayamba ndi mvula basi, mmene inkamvekera pa malata, ndi nkhuku zitakwera pa denga. Kenaka bwato linalowa lokha m'nkhanimo, lokhala ndi chigamba cha lata labuluu kutsogolo. Mwini bwato anabwera ndi chibwibwi chake chimene chinkamugwira akapsa mtima. Atafika pa chitunda, mkazi wa m'nkhanimo anagwira mwamuna wake malaya n'kuti makina atsala. Pamenepo ndi pamene osewera ankafunsidwa kuti, mutani? Akabwerera ankapeza makina, koma makina ndi chitsulo, bwato limalemera, madzi akukwera. Ankayenera kusankha: kutaya makina, kapena kuponya dayisi.

Maina anasintha onse. Anayesa kusinthanso makinawo kuti ikhale njinga, kenaka mbuzi, koma nkhani inkafa pompo. Njinga munthu amaisiya, mbuzi imasambira. Anabwezera makina. Anadziuza kuti zikawerengedwa m'Chingerezi kutsidya kwa nyanja zazikulu, ndi anthu amene sadzaponda kwa Mwambo mpaka kufa. Magetsi asanayake anali atatumiza kwa Faizal.

Ulendo umenewo unaposa onse. Olembetsa amene anachoka anabwerera, ndipo anabwera ndi anzawo. Ena analemba kuti tebulo lawo lonse linakhala chete dayisi isanaponyedwe. Faizal anaimba foni akuseka ngati mwana. Chimene sananene, chifukwa sanachione ngati nkhani, n'chakuti monga ankachitira mwezi uliwonse anatenga ulendo womwewo m'Chichewa chake chija n'kuupereka ulere m'magulu a pa WhatsApp a ana a sukulu ndi a koleji, kuti a kuno kwathu nawonso alawe, mwina ena n'kudzalembetsa. Unayenda foni ndi foni, kutsika phiri la Zomba, mpaka unafika pa doko la Kachulu, pamene Eliza, mlongo wake wa Jafeti, ankagulitsa nsomba zouma.

Inali nthawi yokolola. Achibale a Jafeti anali atanena kuti mpunga ukalowa m'nyumba adzachita nsudzulo, mwambo womasula Rozi ku umasiye kuti akhale mfulu, ndipo munda wa mu sikimu udzakhala wake ndi mwana. M'mawa wina Rozi ankapuntha mpunga pa lona pafupi ndi munda, amayi ena akumuthandiza, Fanuelo akutuntha mitolo. Njinga ya kabaza inaima pa msewu. Eliza anatsika osayang'ana wopalasa, foni ili m'manja.

Sanapereke moni. Anaima m'mphepete mwa lona n'kuyamba kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, chala chikutsata mawu. Anawerenga za chigamba cha lata labuluu. Anawerenga za chibwibwi. Ndodo zopunthira zinaima imodziimodzi. Fanuelo anamva mawu ake omwe akutuluka m'kamwa mwa munthu wina, ndipo mtolo umene unali pamutu pake unayamba kulemera ngati wanyowa.

"Alamu," anatero Eliza atafika pa mkazi wogwira malaya uja, "bwato la chigamba chabuluu pa Chilwa pano linali la ndani?"

Eliza anasendera pafupi ndi Rozi.

"Wachibwibwi akapsa mtima anali ndani? Ife tinkati makina anu anapita ndi nyumba. Tinkati mlongo wathu anafera anthu. Amayi athu mpaka lero amauza aliyense wobwera kuti mwana wawo anafa ngati m'busa. Ndiuzeni pamaso pa anthuwa. Munamutuma?"

Fanuelo anaponya mtolo pansi. "Alamu, imeneyo ndi nkhani yopeka, ndinalemba ndine, ndi masewera chabe..."

"Inu khalani chete, aphunzitsi. Ndikufunsa mwini wake."

Rozi anaika ndodo yake pa lona mosamala, ngati ingasweke. Anakonza chitenje. Ndiye anati, "Inde. Ndinamutuma."

Mayi wina anagwira pakamwa. Eliza anali atabwera wokonzeka kukangana, ndipo yankholo linamulanda mawu. Kenaka kulira kunaphulika, kulira kwa pamaliro penipeni, akutchula dzina la mlongo wake n'kumenya ntchafu zake. Anthu a m'minda yoyandikana anayamba kubwera akuthamanga poganiza kuti kwagwa zovuta. Pakati pa phokoso lonselo Rozi anatembenuka n'kuyang'ana Fanuelo. Sanamukalipire. Anangomuyang'ana monga munthu amayang'anira mlendo amene walowa pakhomo osaodira, akufuna kudziwa kuti ndi ndani.

Sabata yomweyo uthenga unabwera kuchokera kwa akuchimuna. Nsudzulo wayamba waima. Za munda adzakambirana, koma Rozi asadzalenso.

Fanuelo anapita ku Zomba Lachisanu, pa kabaza mpaka pa msewu wa tala. Anapeza shopu yotseka, Faizal ali ku mzikiti, ndipo anadikira pa khonde akubwereza m'mutu mawu amene adzamulasa nawo. Faizal atafika, chipewa choyera chili kumutu, anamwetulira ndi kutambasula manja, koma ataona nkhope ya mnzakeyo anatsegula chitseko mwakachetechete.

"Anakuuza ndani kuti upereke za Chichewa zija?" Fanuelo anayamba asanakhale n'komwe pansi.

"Timapereka mwezi uliwonse, amwene. Wayiwala? Unati iwe wemwe n'zamanyazi kuti masewera a pa Chilwa azisewera azungu okha."

Fanuelo anafotokoza zonse, za lona, za Eliza, za munda. Faizal anamvetsera atagwira kasikuludiraiva m'manja, osakatembenuza. 

"Ndiye kuti mayi wa makina uja ndi achemwali?"

"Eya."

"Ine ndinajambula chithunzi chawo. Ndinakhala usana wonse ndikukonza dzanja lija logwira malaya kuti lioneke bwino." Anaika chitsulocho pa tebulo. "Sunandiuze, Fanuelo. Ukanandiuza, ngakhale za Chingerezizo sindikanatumiza. Chosungitsa sagulitsa."

"Unati ukufuna zonunkha matope."

"Ndinatero. Sindinati ukafukule manda a alamu ako."

Anayang'anana, aliyense ali ndi gawo lake la mlandu, ndipo palibe amene anafuna kulitchula kachiwiri. Faizal anatsegula kompyuta n'kuchotsa ulendowo pa tsamba lawo Fanuelo akuona. Sizinatenge nthawi, kudina kuwiri basi.

"Ndachotsa," anatero. "Koma usadzinamize. Olembetsa anatsitsa kale, uli m'mafoni mwawo. Wa Chichewa uli ku Kachulu, uli ku Jali, mwina wafika ndi ku Mozambiki. Madzi akatayika saoleka."

Kenaka anazengereza, n'kutembenuza kompyutayo kuti mnzake aone. Panali uthenga wochokera ku kampani ina yaing'ono ya kunja yosindikiza masewera otere. Inkafuna kugula ulendo wa makinawo, kuusindikiza m'buku lenileni la chikuto cholimba, ndi kugawana nawo phindu pa buku lililonse logulidwa. Chinali chinthu chimene awiriwo ankalota kuyambira tsiku limene makoswe anadya timabuku tawo.

"Unabwera dzana," anatero Faizal. "Ndimafuna ndikuuze pamaso kuti tisangalale limodzi."

"Akanize."

"Ndikhoza. Mtima wanga ukuwawa, sindibisa, mwana akubwera ndipo shopu ino sikudyetsa. Koma ndikhoza kukana lero lomwe. Funso langa ndi ili: wokana ndiwe? Unagulitsa osawafunsa. Tsopano ukufuna kukananso osawafunsa? Nkhaniyo ndi yawo. Pita ukawauze zonse, anene okha."

Panapita masiku Fanuelo asanalimbe mtima. Rozi sankamuthawa. Akadutsana pa mjigo ankayankha moni ngati mmene amayankhira munthu aliyense. Mbale ya ndiwo imene Virginia ankabweretsa madzulo inasiya kubwera. Ku tchalitchi amayi a chigwirizano anasendera pa benchi Rozi atakhala, osati kwambiri, kadanga kokwana mwana mmodzi. Ena ankati mkazi wadyera, ena ankati aliyense akanatero, nanga ndani ankadziwa kuti madzi afika pamenepo. Onse ankalankhula.

Fanuelo anamupeza Rozi masana ena kuseri kwa nyumba akupeta mpunga. Anakhala pa njerwa chapatali n'kupepesa. Mawu amene anakonza anali ambiri, koma anatuluka ochepa ndi opanda mphamvu. Rozi anapitiriza kupeta. Ndiye Fanuelo anafotokoza za kampani ija, kuti iye akufuna kukana, koma Faizal wati mwini nkhani anene yekha.

Lichero linaima.

"Tandiuzani, achimwene. Anthu anuwo akamasewera, amakhala ndani?"

"Amakhala... amakhala mwamunayo. Ndi anzake a m'bwato."

"Nanga ine amakhala ndani?"

"Mkaziyo amamulankhulira mwini nkhani."

"Ndiye kuti kunja konseko kuli anthu amene amakhala pa tebulo n'kumalankhula mawu anga." Anachotsa kamwala mu mpunga n'kukaponya kutali. "Amapulumuka?"

"Ndani?"

"Jafeti. M'masewera anuwo."

"Kawirikawiri amapulumuka. Ambiri madzi akakwera amataya makina m'madzi, bwato n'kupepuka."

Rozi anaseka kaseko kouma, kamodzi. "Ndiye simunamudziwe mlamu wanu. Sakanataya. Mwalemba kuti ndinamugwira malaya n'kumupempha. Ine sindinapemphe. Ndinamunyoza pamene anthu a m'bwato anatsika, chapansipansi kuti amve yekha. Ndinati mwamuna wanji woopa madzi a m'mawondo, ukabwera wopanda makina usabwere. Zimenezo sindinakuuzeni, chifukwa ndinaona nkhope yanu tsiku lija m'munda, ndinati mwana wa mayi anga ndamusenzetsa zokwanira." Anamuyang'ana. "Mwamva tsopano. Kalembeninso."

"Achemwali, sindidzalembanso. Ndikauza Faizal akane, ndipo masewerawa ndisiya."

"Musiya kuti ndani apindule? Munda atenga. Dzulo kunabwera amalume ake a Jafeti kudzaponda malire. Makina ali pansi pa nyanja. Virginia akufunika yunifolomu, ndipo malata ali pamutu pangawa ndikudziwa kumene anachokera." Anayambanso kupeta, mankhusu akuuluka kugwera pa mapazi ake. "Gulitsani. Munagulitsa kale pamene zinali ndi mtengo kwa ine. Zotsalazi ndi makoko. Koma gawo lanu lonse lipite ku sukulu ya mwana, lisadutse m'manja mwanga, ndipo musadzandionetse bukulo. Mukadzalibweretsa pakhomo pano ndidzakolezera moto."

Fanuelo anafuna kuti mchemwali wake akane. Akanakana, iye akanakhala ndi chinthu choti ataye, n'kumva kuti walipirako. Koma Rozi sanamupatse mwayi umenewo. Anabwerera ku Zomba sabata yotsatira n'kusaina, Faizal atakhala pambali pake, onse awiri osayang'anana. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti chigamba chabuluu ndi chibwibwi zichotsedwe. A kampani anavomera msanga. Kwa iwo sizinali kanthu.

Nsudzulo unachitika mochedwa, dzuwa la Okutobala litayamba kuwamba dambo. Unali wa anthu ochepa, wopanda chakudya chambiri. Amayi ake a Jafeti sanabwere. Eliza anabwera, nachita zonse zoyenera, ndipo pochoka anagwira Virginia kumutu nthawi yaitali, koma kwa Rozi sananene kanthu. Munda unapita kwa mphwake wa Jafeti.

Loweruka tebulo linkatulukabe pansi pa mango, chifukwa olembetsa ankadikira ndipo ulendo uliwonse unkafunika kuyesedwa usanatumizidwe. Osewera ankabwera, koma zinthu zinali zitasintha. Kale masewera asanayambe anthu ankacheza za kunyanja, za amene wakangana ndi mkazi wake, za amene bwato lake lagwidwa m'nyengo yoletsa usodzi. Tsopano ankafika, kukhala pansi, n'kudikira dayisi. Pa chigayo amayi akamacheza pa mzere, iye akayandikira ndi thumba, nkhani inkasanduka ya mtengo wa sopo. Mkulu wa mpingo uja anamuitanira pambali tsiku lina kuti amuuze za matenda a mwana wake, koma atangoyamba anaima, n'kumuyang'ana m'maso.

"Izi ndikukuuzani ngati mwana wa mpingo, aphunzitsi. Si za m'foni."

Fanuelo anavomera ndi mutu. Bamboyo anaganiza pang'ono, n'kunena kuti basi adzakamba tsiku lina.

Mvula isanagwe Rozi anapeza malo kwa telala wina wa pa Songani, mayi wa Chisilamu amene ankafuna womuthandiza kusoka mayunifolomu. Kunali kachipinda kuseri kwa shopu. Rozi anati kumeneko anthu amadziwa mtengo wa chitenje basi, sadziwa za munthu. Virginia anali atapita kale ku sukulu yogonera komweko.

M'mawa wa ulendowo Fanuelo anabwera ndi njinga yake osaitanidwa. Rozi sanamuletse. Anamangirira thumba la mpunga pa kaliyala, chikwama cha zovala pamwamba, mapoto m'chitenje atapachikidwa pa handulo. Anamanga ndi mphira mosamala, kukoka mfundo iliyonse kawiri, kuti ntchitoyo itenge nthawi. Anthu a nyumba zoyandikana anatuluka kudzatsanzikana. Rozi analowa m'nyumba komaliza, natseka mawindo, natuluka n'kukhoma loko.

"Ndizisesa pakhomo," anatero Fanuelo. "Mvula ikayamba ndizionanso ngati sikudontha."

Anatambasula dzanja. Rozi anayang'ana dzanjalo, kenaka anadutsa n'kupita kwa mayi wa nyumba yachitatu, amene sanali m'bale wawo n'komwe, wobwera wa ku Phalombe. Anamuika kiyi m'manja n'kumupinda zala.

"Muzitsegulako mawindo nthawi zina, anzanga, mungachite nkhungu."

Atatero anasenza kachikwama kake n'kuyamba kuyenda cha ku msewu. Fanuelo anabweza dzanja lake pa handulo. Njinga inali yolemera moti sakanatha kukwera, choncho anaikankha, mapoto akugundana, akutsata mchemwali wake m'kanjira ka pakati pa minda youma. Rozi ankayenda patsogolo, osafulumira, osatembenuka.